Ku Chitakale ndinaphunzira kuti sopo wosayabwa amayambira pa sikelo

Anthu ambiri sakhalitsa pa Chitakale. Amatsika minibasi yochokera ku Limbe, n'kugula nanazi kapena mapeyala, kenako n'kudumphira panjinga yamoto yopita ku Likhubula, kumene kumayambira njira zokwerera phiri la Mulanje. Ena amapitirira ku Boma, ena mpaka ku Muloza pa malire ndi Mozambique. Ndi pamphambano basi, pomwe msewu wochokera ku Blantyre umakumana ndi wopita ku Phalombe, Jali mpaka ku Zomba. Ukaima pasiteji, phiri limaoneka ngati lili kuseri kwa mashopu komweko, ndipo minda ya tiyi imayambira pomwe nyumba zathera.

Ubwino wa pamphambano ndi woti chilichonse chimadutsapo. Mathirakitala onyamula masamba a tiyi, amene walimidwa kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Madengu a nthochi, chinangwa ndi nandolo. Njinga zakapalasa zolemedwa ndi katundu wa ku Milange. Ndipo pamsewu wa ku Phalombe pamatsika matumba a mpunga wolimidwa m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Mpunga umenewu ndiwo unandibweretsa kuno, ngakhale kuti sindinkafuna wodya. Ndinkafuna zotsalira zake.

Ine khungu langa ndi lija anzanga amati lonyada. Ndikangosambira sopo wonunkhira kwambiri, m'khosi ndi m'mikono mumatuluka tiziphuphu toyabwa. Ikafika June ndi July ndiye zimanyanya: miyendo imayera mbuu ngati ndagona paphulusa. Pa TikTok ndi pa Facebook ndinkangoona anthu akutamanda sopo wa mafuta a madeya a mpunga, amene pa mabotolo amalembedwa kuti rice bran oil. Ati ndi mpulumutsi wa khungu losachedwa kuyabwa. Msuweni wanga amene amaphunzitsa ku Mulanje atandiuza kuti kufupi ndi kwawo kuli mayi wina amene amapanga yekha sopo wotere, ndinati ayi, izi zofunika kukaona ndi maso.

Pachigayo

Ndinayamba ndapita pachigayo china chokonola mpunga cha m'mbali mwa msewu wa ku Phalombe. Phokoso lake munthu sumva foni, ndipo fumbi limakulowa mpaka m'nsidze.

Njere ya mpunga imavala zovala ziwiri. Chakunja ndi mankhusu okhakhala aja amene anthu amayala m'khola la nkhuku. Chamkati ndi kakhungu kopyapyala kofiirira. Makina akamakonola mpunga kuti uyere, kakhungu kameneka ndi kamene kamasanduka madeya, ndipo mafuta a mpunga pafupifupi onse amakhala m'menemo. Mu makilogalamu 100 a madeya osasakanizika ndi mankhusu mumapezeka mafuta apakati pa makilogalamu 15 ndi 20.

Ndinafunsa mnyamata woyendetsa makina kuti, "Achimwene, madeya onsewa amapita kuti?"

"Kwa oweta nkhumba ndi nkhuku, achemwali. Koma safuna kugonetsa amenewa. Akakhala masiku angapo amayamba kafungo ngati mafuta a tchipisi obwerezabwereza."

Mnyamatayo ananena zenizeni zimene zimavutitsa ngakhale mafakitale akuluakulu. M'madeya muli kanthu kotchedwa lipase, kamene kamayamba kuphwanya mafuta aja mpunga ukangokonoledwa. Ndiye chifukwa chake opanga mafutawa amatenthetsa madeya msangamsanga kuti kanthuka kafe, kenako amatulutsa mafuta pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa hexane, n'kuwasefa mpaka ayere. Si zoti munthu ungasinje mumtondo ngati nsatsi kapena kufinya ngati mtedza ayi. Dziko limene limapanga mafutawa ochuluka ndi India, ndipo amapangidwanso ku Japan, China ndi Thailand. Ku Japan komweko amayi akale ankasokera madeya m'kathumba kansalu n'kumadzitsukira posamba.

Nditabwerera pa Chitakale ndinalowa shopu ndi shopu kufunsa mafutawa. Paliponse ankandilozera mafuta ophikira wamba. Wogulitsa wina anachita kuseka, amvekere: "Mpunga umatulutsa mafuta? Mwayamba liti nthabwala achemwali?"

Kuseri kwa nyumba

Mayi wa sopo uja amakhala chapansi pa minda ya tiyi, ulendo wa mphindi zochepa pa kabaza. Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza kosalekeza kaja kamene kamabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, moti phiri lonse linali litabisala m'nkhungu. Anandipatsa mpando pakhonde la kuseri, pafupi ndi shelefu yamatabwa pomwe panandandalikidwa mipiringidzo ya sopo wotuwa, wosakongola n'komwe.

"Simunayembekezere zotere eti?" anatero akuseka. "Anthu amafuna wapinki, wonunkhira ngati ukwati. Wangayu alibe mtundu, alibe fungo. Ndi dala."

Anandifotokozera mmene anayambira. Mwana wawo wamkazi, amene pano ali ku pulayimale, ankakanda usiku wonse kuseri kwa mawondo ndi mopindikira mikono mpaka kutuluka magazi. M'mawa ankapita kusukulu ali ndi tulo m'maso, ndipo anzake ankamuthawa poganiza kuti ndi mphere. Kuchipatala anawauza kuti ndi eczema, matenda osapatsirana. Anawapatsa mankhwala opaka, n'kuwalangiza kuti asiye sopo wonunkhira ndipo azimudzoza mwanayo mafuta osanunkhira akangotuluka m'bafa. Kwa kanthawi ankagula sopo wofewa wa ku famase. Kenako kunabwera 2023. Mu March namondwe Freddy anasakaza Mulanje ndi Phalombe, ndipo mu November kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Sopo uja anakwera mtengo mpaka kufika polimbirana ndalama ndi ufa.

"Ndiye ku banki m'khonde kunabwera wina kudzatiphunzitsa kupanga sopo wochapira. Ine mumtima ndinati, ngati wochapira akutheka, wosambira angalephereke bwanji?"

Analowa m'nyumba n'kutulutsa zinthu ziwiri: botolo la mafuta a madeya a mpunga ndi kope la ana asukulu. Botololo anawatumizira ndi mlongo wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa kuti mafutawo anapangidwa ku India. Kopelo linali lodzadza ndi manambala.

"Botoloti musalitengeke nalo mwanangu. Chuma chili m'kopemu."

Manambala a m'kope

Sopo aliyense weniweni ndi mafuta amene akumana ndi caustic soda. Chonde tisasokoneze: uyu si soda wa therere ndi zitumbuwa. Ndi mankhwala oopsa, dzina lake lina sodium hydroxide, amene amawotcha khungu ngati moto. Akasakanizika ndi mafuta pamuyezo woyenera, zonse ziwiri zimasintha n'kukhala sopo ndi glycerine. Soda akachuluka, wotsalayo amakhalabe m'sopo n'kumakudya khungu. Akachepa kwambiri, umapeza phala lamafuta losagwira. Chovutanso n'choti mtundu uliwonse wa mafuta umafuna soda wakewake. Galamu imodzi ya mafuta a madeya imafuna pafupifupi magalamu 0.128 a soda, ya mafuta a ng'ombe 0.141, pomwe ya kokonati imafuna 0.183.

Patsamba limene anali atalizungulira ndi bolopeni yofiira panalembedwa izi: mafuta a ng'ombe osungunula ndi kusefa magalamu 500, a madeya a mpunga 300, a kokonati 150, a nsatsi 50. Zonse pamodzi kilogalamu imodzi. Madzi magalamu 330, caustic soda magalamu 135.

Nditawerengera pafoni ndinapeza kuti mafuta amenewa angathe kumeza soda wokwana pafupifupi magalamu 143. Ndinawafunsa chifukwa chake amaika 135.

"Asanu pa 100 alionse ndimawasiya dala. Mafuta otsalawo ndi amene amachititsa kuti ukasamba khungu lisakokeke ngati ng'oma."

Mafuta alionse ali ndi ntchito yake. A ng'ombe, amene amagula kubutchala, amalimbitsa sopo kuti asasungunuke msanga. A kokonati amatulutsa thovu lambiri koma akachuluka amaumitsa khungu, n'chifukwa chake amaika pang'ono. A nsatsi, omwe aja agogo athu ankadzola, amagwirizira thovu kuti lisathe msanga. A madeya amafewetsa, koma akapitirira muyezo sopo amakhala wolobodoka.

Ndinawaonerera akupanga. Anayamba athamangitsa ana onse kupita kwa aneba. Anavala magolovesi, malaya a manja aatali ndi magalasi, n'kuika kasikelo kabatire patebulo. Chilichonse ankayeza, ngakhale madzi. Palibe za kapu, palibe za supuni.

"Soda ndi amene amapita kumadzi, osati madzi kupita kwa soda. Mukatembenuza, amakulavulirani kumaso."

Madziwo anatentha okha popanda moto, ndipo kanthunzi kake kanali kotsamwitsa, ndiye chifukwa chake amapangira panja. Chiwiya chinali jagi yapulasitiki yolimba, mthiko wake wachitsulo chosachita dzimbiri. Mapoto athu a aluminiyamu aja ndi oletsedwa, chifukwa soda amawadya n'kutulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Atadikira kuti madzi a soda ndi mafuta zonse zikhale zofunda chabe, anasakaniza n'kuyamba kutakasa. Tinasinthana mkono kwa nthawi yoposa ola, mpaka zinakhuthala ngati phala la mwana, moti ukadontheza pamwamba kamzere kamatsalira. Anathira m'kabokosi kamatabwa koyalidwa pulasitiki n'kufunditsa chitenje.

Pakatha tsiku limodzi kapena awiri amadula mipiringidzo. Kenako sopoyo amakhala pashelefu masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, akuuma ndi kufatsa. Kuno ku Mulanje, kumene chinyezi sichisowa, amati nthawi ya chiperoni amawonjezerapo masabata ena, ndipo nthawi zina sopo amachita ngati thukuta chifukwa glycerine amakoka madzi a mumpweya. Pampiringidzo uliwonse amalembapo deti ndi msomali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero.

Apongozi awo, amene nthawi yonseyi ankatongola nandolo chapatali, analowererapo. "Zimenezo ndi chidulo chachizungu basi." Sanalakwitse kwenikweni. Chidulo chimene timadontheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho n'kuphikira therere ndi m'bale wake wa caustic soda, ndipo m'mayiko ambiri sopo wakale ankapangidwa ndi madzi a phulusa ndi mafuta a nyama. Vuto n'loti mphamvu ya chidulo siyezeka: lero chakali, mawa chozizira. Pakhungu la mwana wodwala zongoyerekeza sizifunika.

Nanga mafuta a madeyawo amachita chiyani?

Apa ndi pomwe nkhani za pa TikTok zimasiyana ndi za pakhonde paja. Mafuta a madeya a mpunga ndi abwino ndithu. Ali ndi vitamini E komanso oryzanol, zimene zimawathandiza kuti asawonongeke msanga. Alibe fungo lamphamvu, ndipo amapereka thovu lofewa, losalala, lofanana ndi la sopo wa mafuta a olivi. Kumene mpunga umalimidwa kwambiri amakhala otchipa kuposa olivi, n'chifukwa chake opanga sopo amawakonda.

Koma tikumbukire kuti mafutawa akakumana ndi soda ambiri amakhala asanduka sopo, ndipo sopo amakhala pathupi kamphindi kochepa kenako n'kutsukuluzidwa. Komanso sopo aliyense wopangidwa ndi soda amakhala ndi pH ya 9 kapena 10, pomwe khungu la munthu lili cha pa 5. Choncho ngakhale sopo wopangidwa bwino chotani, ukamusambira mopitirira amaumitsabe khungu. Ena amene eczema yawo ndi yaikulu madokotala amawauza kuti achepetse sopo kapena amusiyiretu.

Chimene chimathandiza khungu lonyada ngati langa makamaka ndi zimene sopoyo alibe: alibe pafyumu, alibe utoto, alibe soda wotsalira. Kuwonjezera apo ali ndi timafuta totsala tija ndi glycerine. Mayi aja anaziona okha zimenezi. Botolo la ku Johannesburg litatha ulendo wina, anaika mafuta a mpendadzuwa m'malo mwake, n'kuwerengeranso soda, ndipo mwana sanadandaule.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Ndikanati ndizidikira basi ya ku Joni, mwanayu akanasamba chiyani?"

Ndinawafunsa ngati sopoyo anachiritsa mwanayo. Anapukusa mutu.

"Kuchira ayi. Kukazizira zimabwererabe, ndipo tikatero timapita kuchipatala. Koma pano amagona. Madzi ofunda osati otentha, sopo m'khwapa, kumapazi ndi malo obisika basi, chinkhupule ayi, mwala ayi. Akangopukuta, Vaseline wosanunkhira thupi lisanaume. Sopo ndi mbali imodzi chabe."

Funso limene amatopa nalo

Pali funso lina limene atsikana amabwera nalo pafupipafupi, ndipo akuti limawakwiyitsa: "Aunt, sopo wa mpungayu amayeretsa?"

Ndinamvetsa kumene funsoli limachokera nditabwerera kumsika. Pamabenchi a zodzoladzola panali timachubu ndi timabotolo tolonjeza khungu lowala m'masiku ochepa. Zodzola zambiri zamtundu umenewu zimakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol. Poyamba nkhope imaoneka yosalala. Pakapita miyezi khungu limapyapyala, limachita mizere ndi zigamba zakuda, ziphuphu zimabuka, ndipo mercury amatha kuwononga impso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amene lero akudandaula kuti sopo aliyense amawawotcha, khungu lawo linafooketsedwa ndi zodzola zimenezi.

Mayi aja yankho lawo ndi limodzi. "Amayeretsa litsiro. Mtundu wanu ndi womwewo, ndipo ulibe vuto."

Sopo wawo sagulitsa pamsika. Amapangira banja lawo ndi abale ochepa, ndipo akuti tsiku limene adzafune kuyamba bizinesi adzayamba apititsa sopoyo ku Malawi Bureau of Standards kuti akayezedwe. Zinandisangalatsa kumva zimenezi, chifukwa sopo woyezedwa ndi maso akhoza kuoneka bwino koma n'kusupula munthu.

Ngati mukufuna kuyesa

Gulani sikelo yoyeza magalamu musanagule china chilichonse. Mukasintha mafuta ngakhale amodzi, werengeraninso soda. Pa intaneti pali zowerengera zaulere monga SoapCalc, ndipo zimatheka pafoni. Mafuta ophikira amene sanalembedwe kuti ndi a mbewu yanji asiyeni, chifukwa simungadziwe muyezo wake. Ngati mtedza umakuwengani, mafuta ake musawaike.

Caustic soda amaoneka ngati shuga kapena mchere. Musungeni m'chitini cholembedwa bwino, pamalo okiyidwa, kutali ndi kukhitchini, ndipo madzi ake musawasiye m'botolo la zakumwa ngakhale kwa mphindi imodzi. Akakudontherani, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15. Akalowa m'maso, tsukani kenako thamangirani kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Sopo akakhwima, yambani mwamuyesa mopindikira mkono n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, musiyeni. Makanda musawayesere. Ndipo ngati kuyabwa kukunyanya usiku komanso kwagwira anthu angapo m'nyumba, mwina ndi mphere, zimene zimafuna mankhwala a kuchipatala osati sopo watsopano.

Pobwerera ku Limbe kudzera msewu wa Midima ndinakhala pafupi ndi bambo wina amene anakweza matumba awiri a madeya, chakudya cha nkhumba zake ku Nkando. Ndinkangoganiza za botolo lija. Linachoka ku India, n'kuwoloka nyanja mpaka ku South Africa, kenako n'kukwera basi kudutsa Zimbabwe ndi Tete kuti lidzafike panyumba imene ili pamsewu womwe madeya amadutsa tsiku lililonse. Tili ndi mpunga ku Chilwa, ku Nkhotakota, ku Bwanje ndi ku Karonga kwa Kilombero wonunkhira uja. Tili ndi achinyamata amene akuphunzira za makina ndi zakudya ku MUST, pafupi pomwepa ku Thyolo, komanso ku MUBAS ndi ku LUANAR. Chiyambi chake ndi chodziwika: kulekanitsa madeya ndi mankhusu, n'kuwatenthetsa tsiku lomwelo asanayambe fungo. Amene adzapeze njira yotchipa yochitira zimenezi pachigayo cha pa trading centre adzakhala wathandiza mlimi wa mpunga, woweta nkhuku ndi mayi wa pakhonde uja nthawi imodzi.

M'chikwama ndinanyamula mipiringidzo iwiri imene anandipatsa. Woyamba unali wokhwima kale, ndipo ndausambira masabata atatu tsopano popanda kukanda m'khosi, ngakhale kuti mafuta ndikudzolabe monga kale. Wachiwiri ndi wa mphika umene ndinatakasa nawo. Uli pamwamba pa wadirobu, deti lake lolembedwa ndi msomali likuoneka bwinobwino, ndipo dzulo mayi aja ananditumizira uthenga pa WhatsApp kudzera kwa msuweni wanga: "Muwauze asapupulume. Kwatsala masabata awiri."